Botolo Lachinayi

Mutu 6

1. Lamulo la azakhali

Botololo linali la jamu, koma jamu anatha kalekale. Azakhali analitsuka ndi madzi otentha, nalizondotsa pa thebulo la kukhitchini kuti liume. Kenaka anaitana Chisamba kuti adzaone ndi maso, chifukwa iwo sankakonda kunena chinthu kawiri.

Mtsikanayu aliyense ankamutcha Chisamba poti ndiye anali woyamba kubadwa, ngakhale kuti pambuyo pake sipanabadwenso wina. Anali Fomu 3. Mwezi umenewo ndiye anali mayi wa pakhomo, chifukwa amayi ake anapita kutali kukathandiza mng'ono wawo amene anali atangobereka mapasa.

Kuzizira kunali kutafika pachimake. M'mawa madzi a pampopi ankaluma zala, ndipo m'kalasi aphunzitsi ankayamba adikira kuti kutsokomola kuchepe asanaitane maina. Bambo ake a Chisamba, amene anali kalipentala, nawonso chinawagwira. Mawu anasasa, kukhosi kunkawawa pomeza, ndipo akatsokomola zinkamveka ngati munthu akukoka thabwa pa simenti.

Azakhali anali mlongo wawo wamkulu wa bambowo. Anali telala, ndipo ankasokera pakhonde la golosale ina, moyang'anizana ndi geti la msika. Loweruka limenelo anavundikira makina msanga, nabwera ndi jumbo ya jinja, adyo, mandimu anayi ndi kabotolo ka uchi.

Anaonetsa Chisamba kupala jinja ndi supuni osati mpeni, kuti asatayire mnofu ku makoko. Anamuuza kuti amusinje pamodzi ndi adyo, timano titatu basi, kenaka awiritse m'makapu awiri a madzi mpaka itatsala kapu imodzi. Mandimu ndi uchi anati azilowa madziwo atazizirako, chifukwa wothira uchi m'madzi obwadamuka wangopanga tiyi wodula. Wodwala azimwa masupuni awiri m'kapu ya madzi ofunda, m'mawa ndi madzulo. Kukhosi kukamakanda kwambiri, azichukucha madzi a mchere. Mphuno zikatseka, afukize ndi masamba a bulugamu, koma ndowa ikhale pansi osati pamiyendo, ndipo pakhale munthu wina womugwirira bulangete.

Atatseka botololo, azakhali sanalisiye. Analigwirabe ndi manja onse awiri.

"Tamvera tsono, mwana wa mlongo wanga, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasochera. Botolo ili ndi la masiku asanu ndi awiri. Ntchito yake ndi kufewetsa kukhosi kuti munthu apumeko pamene thupi likudzimenyera lokha. Silipha matenda ayi. Chimfine wamba chimachoka chokha, botolo limangochiperekeza. Likatha ili chifuwa chikadalipo, usapange lachiwiri. Pakhomo pathu lachiwiri timapanga munthu atabwerako kuchipatala, titaona ndi maso athu zimene alemba m'buku. Khanda losakwana chaka usadzalipatse uchi, ngakhale amake achonderere bwanji. Munthu akamapuma movutikira, kapena thupi likatentha masiku atatu osazizira, botolo liike pansi, mutenge njira ya kuchipatala. Ndipo bambo akowa usawamvere pa nkhani imeneyi. Ndinawabereka kumsana ine, ndimawadziwa."

Kuchokera pabalaza, bambo anayankha ndi mawu osasa aja kuti kumsanako anagwetsedwako kawiri, ndipo mboni zikadali ndi moyo.

Chisamba anaseka. Botololo analikhazika pazenera la kukhitchini, mbali imene sikufika dzuwa.

2. Adokotala

Pofika Lachiwiri mawu a bambo anabwerera. Lachinayi anameza chakudya osatsinzina. Kuyambira pamenepo analeka kumutcha Chisamba, anayamba kumutcha Adokotala.

Anakauza anzawo kuntchito kuti iwo sadzaimanso pa mzere wa kuchipatala, poti dokotala anabala okha. Amayi awiri oyandikana nawo nyumba anabwera kudzafunsa kapangidwe kake, ndipo Chisamba anawalembera pa mapepala ong'amba kumbuyo kwa kope la sayansi. Mmodzi anamupatsa moni womugwira dzanja ndi manja awiri, zimene zinali zisanamuchitikirepo. Dzina la Adokotala ankalikana ndi pakamwa, koma akaitanidwa nalo ankavomera msanga.

Botolo linatha Lachisanu. Kukhosi kwa bambo kunapola, koma chifuwa chinatsala. Chinangotsika, nkumamvekera pansi penipeni.

Bambo anapempha lachiwiri. Chisamba atawakumbutsa lamulo la azakhali, iwo anati lamulolo ndi la anthu amene sadziwa chifuwa chawo. Chawocho ndi utuchi, ndipo akhala akuumeza zaka makumi awiri. Anatinso ali ndi madesiki makumi anayi oti athe mwezi usanathe, ndipo madesiki sadzikhoma okha mwini wake atakhala pa benchi la kuchipatala. Akangomaliza desiki lomaliza adzapita okha, popanda wowakoka. Azakhaliwo, anatero, anabadwa ndi luso loopseza anthu, ndipo akanapanda kukhala telala akanakhala wolosera zanyengo.

Chisamba anapanga lachiwiri.

Vuto linali mandimu. Amayi ogulitsa mandimu abwino ankakhala pageti la msika, pamaso penipeni pa makina a azakhali. Choncho iye anazungulira mseu wa kuseri, nakalowera geti la kumunsi, kumene mandimu ake anali ang'onoang'ono ndi ouma. Ulendo wa mphindi khumi unasanduka wa theka la ola. Anafinya asanu ndi awiri kuti apeze madzi a anayi.

Botolo lachitatu analipanga osafunsanso zambiri. Anaonjezeramo jinja mwa nzeru zake, ndipo bambo anati limeneli laposa la azakhali.

Amayi akaimba foni kufunsa za chifuwa, bambo ankailanda msanga. Ankayankha mawu awiriawiri, nkunena kuti mayunitsi asathere pa moni, kenaka nkutuluka panja foni ili kale pa thebulo.

Tsiku lina azakhali anadzera pakhomopo, naona botolo lili pakati. Chisamba anati ndi loyamba lomwe lija, kungoti bambo amaiwala kumwa. Azakhali anayang'ana botolo, nayang'ana mtsikanayo, nati uchi wawo uyenera kuti ndi wodalitsika poti sukutha.

Zina Chisamba ankaziona ndithu, chifukwa ndiye ankachapa ndi kutsuka mbale. Mashiti a bambo m'mawa ankakhala onyowa ndi thukuta, pamene iye ankagona atavala juzi. Mbale yawo inkabwerera kukhitchini chakudya chitangolumidwa m'mbali. Ndipo pa lamba wawo panaoneka kabowo katsopano, koboola ndi msomali, koongoka bwino ngati ntchito zawo zonse.

3. Kuseri kwa matabwa

Lachisanu la sabata yachitatu bambo anaiwala fulasiki pa thebulo. Chisamba ataweruka kusukulu anaitenga kukawapatsa.

Shedi imene ankagwiramo ntchito inali ya malata, yopanda khoma kutsogolo. Pansi panali utuchi wofika m'kakolo. Madesiki omalizidwa anawaunjika awiriawiri, lina chagada pamwamba pa linzake, miyendo m'mwamba. Pa thebulo la bambo panali thabwa lopalidwa theka, koma eni ake panalibe.

Amene anamulandira anali mkulu wina wopaka vanishi, wa zala zofiirira zimene sopo anazilephera. Aliyense ankawatcha a Vanishi. Analengeza kwa shedi yonse kuti Adokotala afika, odwala afole, ndipo iwo akhala oyamba chifukwa bondo lawo limadziwa za mvula kuposa wailesi. Anthu ataseka nkubwerera ku ntchito zawo, a Vanishi anatsitsa mawu.

"Mwanawe, bambo ako thabwa ngati ilo ankalipala akuimba. Sabata ino akupumira katatu lisanasalale. Akuti ndi utuchi. Utuchi tonse timameza muno, ine ndimamezera ndi vanishi yemwe, koma taona mimba yangayi." Anadzisisita pamimba. "Chifuwa chikabwera amathawira kuseri uko kuti abwana asamve. Ine sindinanene kanthu, ndimangopaka madesiki."

Chisamba anazungulira mulu wa matabwa. Anapeza bambo atatsamira khoma ndi dzanja limodzi, linalo atatseka pakamwa ndi kansanza kopukutira guluu. Atamuona anawongoka msanga, nakankhira kansanzako m'thumba la ovolosi. Anachedwa pang'ono. Iye anali ataona kale madontho ofiira.

Bambo anati ndi penti. Anayamikira fulasiki, nafunsa za kusukulu, namukumbutsa kuti botolo latsala la madzulo okha, mawa Adokotala asaiwale ntchito yawo.

Potuluka Chisamba anayang'ana pa shelefu ya zitini. Panali vanishi, guluu ndi penti wakuda wopaka miyendo ya madesiki. Wofiira munalibe m'shedi monsemo.

4. Mabotolo asanu

Sanapite kunyumba. Anadzera mseu waukulu, nakaima pambali pa makina a azakhali, amene anali kupinda siketi ya mwana wa sukulu. Anaima nthawi ndithu makina akulira.

"Azakhali, lija si loyamba. Ndi lachitatu."

Azakhali sanaimitse phazi. Anati akudziwa, chifukwa mayi wogulitsa mandimu ku geti la kumunsi amasoketsa kwa iwo, ndipo anadandaula kuti mwana wa mlongo wawo amafinya ndimu lililonse asanagule. Anayembekeza kuti mtsikanayo abwera yekha. Chisamba atanena za mashiti, za lamba ndi za kansanza, phazi lija linaima.

Anamukhazika pa kampando ka makasitomala. Anamufunsa ngati akuwadziwa amuna awo. Chisamba ankangowadziwira pa chithunzi cha pabalaza, bambo wamtali atagwira njinga. Ankamva kuti anamwalira ndi chifuwa iye ali wakhanda.

"Ine ndinawapangira mabotolo asanu," anatero azakhali. "Asanu, mwana wa mlongo wanga, ndipo onse ankagwira ntchito. Vuto lake linali limenelo. Akamwa, kukhosi kunkafewa, nkupezako tulo, m'mawa nkukwera njinga. Ankandiyamikira kwa aliyense. Ine nkumakondwa, nkumaonjezera jinja ngati mmene wachitira iwemu. Chikanakhala kuti mankhwala anga sankathandiza, bwenzi atapita kuchipatala sabata yoyamba. Tinapita mwezi wachitatu, ali pa njinga yomweyo koma wina akukankha. Anamwino anandifunsa funso limodzi lokha, kuti munali kuti masiku onsewa. Mpaka lero yankho lake sindinalipeze.

"Sindikunena kuti bambo ako ali ndi chifuwa chachikulu. Ine ndine telala, iwe ndiwe mwana wa sukulu, amene angadziwe ndi woyeza makhololo. Chikakhala chimenecho, mankhwala ake alipo ndipo anthu amachira, bola kuyamba msanga ndi kumwa mpaka kumapeto. Koma chifuwa chikapyola masabata awiri, munthu nkumaonda, nkumatuluka thukuta kukuzizira, chimenecho si cha jinja. Jinja sanalakwe. Uchi sunalakwe. Timalakwa ndife, amene timawatuma ntchito yosakhala yawo."

Chisamba anapempha kuti azakhali apite okha akalankhule ndi bambo. Iwo anati anayesa kale kawiri. Akapita amalalata, mlongo wawo amaseka, nkumwera limodzi tiyi, nkubwerako.

"Kwa ine safuna kanthu, ndiye sandimva. Chimene akufuna chili m'manja mwako."

Anayambanso kupalasa makina.

5. Jumbo pa thebulo

Loweruka masana bambo anabwera ndi jumbo yogula okha. Anaitula pa thebulo la kukhitchini monyadira: jinja wonenepa, adyo, uchi, ndi mandimu akuluakulu a pageti la kumtunda. Anati Adokotala asavutike ndi kuyenda, ntchito yawo ndi ya manja basi.

Botolo linali kale lotsukidwa. Chisamba anali ataliika pamwamba pa kabati.

"Ababa, lachinayi sindipanga."

Bambo anaganiza kuti ndi nthabwala. Anafunsa ngati madokotala ayamba sitalaka, ndipo ngati ndi choncho akambirane za malipiro. Chisamba sanaseke. Anati adzapanga akabwerako kuchipatala, ndipo adzapanga labwino kuposa onse atatu.

"Akutuma azakhali ako?"

"Ayi, ababa. Ndinaona kansanza kaja."

"Ndinakuuza kuti ndi penti."

"Munandiuza."

Bambo analankhula motsitsa, mmene ankalankhulira akakwiya zenizeni. Anati chifuwacho ndi chawo, chili m'thupi mwawo, ndipo sichikukhudza munthu wina aliyense. Anati sanadziwe kuti kuphunzitsa mwana ndi kudzigulira woweruza. Madesiki atsala khumi ndi awiri, ndipo abwana akamva zoti wina akuyezedwa chifuwa, thebulo lake amapatsa munthu wina. Ngati mwana wawo watopa kuwatumikira, angonena, manja ali nawo.

Anatsitsa botolo pa kabati, nayamba kudzipangira. Jinja anamusenda ndi mpeni wa kuntchito, bwinobwino, mpaka anatsala kachidutswa ka makona anayi. Adyo anathira mutu wonse. Uchi anaukhuthulira m'madzi obwadamuka, poto nkusefukira pa mbaula. Atalawa anatsinzina nthawi yaitali, nati zili bwino. Pambuyo pake Chisamba anamva akukhuthulira kuseri kwa nyumba.

Lamlungu lonse sanalankhulane kupatula moni. Popanda chofewetsa kukhosi, chifuwa chinkamveka mmene chinalili. Chinkayamba, nkupitirira, nkumupangitsa munthu womvera kuleka chimene akuchita kuti adikire mapeto ake. Masana Chisamba anapezeka ali kukhitchini, supuni kudzanja lina, jinja wotsala kudzanja lina. Anapala mbali imodzi. Kenaka anaika zonse m'jumbo, naimanga pakamwa, natuluka kukaanula zovala.

6. Masitepe khumi kumbuyo

Lolemba m'mawa anavala yunifolomu, napesa tsitsi, natenga chikwama. M'chikwamamo anaikamonso buku la kuchipatala la bambo, limene analipeza m'katoni ya malisiti akale, lopanda cholembedwa chilichonse chiyambire zaka zinayi zapitazo.

Tsikulo kunali mayeso a sayansi, ndipo bambo ankadziwa. Pa zinthu zonse za pakhomo ankatha kugonja, koma osati pa sukulu. Chisamba anali asanajombepo chiyambire Sitandade 1, ngakhale tsiku limene anazulidwa dzino.

Anatulukira limodzi. Pa mphambano yoyamba, pamene iye ankayenera kukhotera kumanzere, sanakhote. Anatsatira bambo, masitepe khumi kumbuyo. Anadutsa pa malo ochapira magalimoto, nadutsa pa shopu ya ometa. Mayi wina wosesa pakhonde anafunsa ngati sukulu inasamukira ku shedi ya matabwa.

Pa mphambano yachiwiri bambo anaima osatembenuka.

"Sukulu ndi uko."

"Ndikudziwa, ababa."

"Mayeso akuyamba nthawi yanji?"

"Hafu seveni."

Bambo anayang'ana wotchi. Anafunsa kuti akafika ku shedi iye akatani kumeneko. Chisamba anati akakhala pa mulu wa matabwa mpaka ataweruka, ndipo mawa adzateronso. Ananena mwaulemu, maso ali pansi, manja atagwira malamba a chikwama.

Anaima choncho mpaka minibasi ziwiri zinadutsa. Bambo anafuna kunena kanthu, koma chifuwa chinawatsogolera, ndipo anagwira mtengo wa magetsi mpaka chinatha. Atapukuta pakamwa anakhotera mseu wa kuchipatala. Anati akupita pa chifukwa chimodzi chokha, kuti akapeze utuchi, mwana wina achite manyazi pagulu, kenaka athamangire kusukulu akapepese kwa aphunzitsi.

Chisamba anatsatirabe, koma tsopano masitepe atatu okha kumbuyo.

7. Funso la anamwino

Pakhomo la chipatala panali thebulo laling'ono, ndipo anamwino achikulire ovala juzi pamwamba pa yunifolomu ankafunsa aliyense wolowa chimene chamubweretsa. Nyengo imeneyo pafupifupi mzere wonse unali wa chimfine. Ambiri ankauzidwa kuti akamwe madzi ofunda, akapume, abwerenso zikapitirira.

Bambo atafika, anapereka moni wansangala, nati ndi kachifuwa chabe ka utuchi, anawakakamiza ndi mwana. Anamwino anatsegula buku lija, nafunsa kuti chifuwacho chatha masiku angati.

"Anayi," anatero bambo. "Mwina asanu."

Ponena izi anatembenuka kuyang'ana Chisamba. Sikunali kuyang'ana kokwiya. Kunali ngati kwa tsiku lija ankapempha botolo lachiwiri.

Anamwino anali atayamba kale kulemba. Kumbuyo kunali anthu ambiri, ndipo ena ankamvetsera. Chisamba anali asanatsutsepo bambo ake pamaso pa mlendo.

"Pepani amayi," anatero. "Ndi mabotolo atatu."

Cholembera chinaima. Anamwino anafunsa kuti mabotolo a chiyani.

Chisamba anafotokoza za jinja, adyo, mandimu ndi uchi, ndi kuti botolo lililonse ndi sabata imodzi. Ananena za thukuta ndi za chakudya chobwerera. Za magazi ananena motsitsa kwambiri, kotero kuti anamwino anachita kuweramira kutsogolo.

Sanamukalipire, ndipo sanamuyamikire. Anangoti zosakanizazo ndi zabwino kukhosi, nawonso amamwa zomwezo kunyumba kwawo, koma iwo amalekera pa sabata imodzi. Anafufuta zimene analemba, nalemba zina zazitali. Kenaka anapatsa bambo masiki ndi kabotolo ka pulasitiki ka chivindikiro chofiira, nawalozera benchi la panja, pansi pa denga lopanda makoma. Anati makhololo akatulutsire kuseri kwa mpanda, kumene kumapita mphepo, ndipo zotsatira zituluka mawa.

Bambo anapita osayang'ana mwana wawo. Atabwerako anakhala pa benchipo, Chisamba nkukhala pambali pawo. Nthawi inali itadutsa kale naini. Bambo sanatchule za mayeso, ndipo sanamutchule Adokotala.

Anamwino anabwera kudzatenga kabotolo kaja, atanyamula pepala lina. Anafunsa Chisamba kuti m'nyumbamo amagona anthu angati, ndipo mazenera amatsegula kapena ayi. Iye anati panopa ndi awiri, ndipo chiyambire kuzizira mazenera onse amakhala otseka, ena anawatsekera ndi nyuzipepala. Anamwino analemba, namupatsa nayenso masiki. Anati kuyambira lero mazenera azitsegulidwa ngakhale kuzizire bwanji, ndipo mawa asabwere bambo okha.

Apa bambo anadzutsa mutu.

"Mwanayu sakutsokomola, amayi. Chifuwachi ndi changa."

"Mwezi watha inunso simunkatsokomola, bambo," anatero anamwino, akulemba dzina la mtsikanayo pamwamba pa pepala.

Bambo anayang'ana pepalalo, nayang'ana Chisamba akumanga masiki kuseri kwa makutu. Anakweza yawo, imene inali lende pachibwano, naitsina bwinobwino pamphuno. Kenaka anasuntha pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwenikweni kwa benchi, kusiya malo a anthu atatu pakati pa iwo ndi mwana wawo.

"Mawalo," anafunsa, "tifike nthawi yanji?"